Dzina Limene Telala Anabisa

Amene akuti dzina silingaphetse munthu akoke mpando amve kaye, adzatsutse ndikamaliza. Wapampando wa gulu lija ndinali ine, ndipo Fomu 4 yanga sindinachite kugula.

M'dera mwathu munalibe banja losiririka ngati la telala ndi mwamuna wake, pulambala amene tonse tinkamutcha Ndafika. Mpope ukaphulika kwa wamasiye, mwini nyumba asanamalize n'kudandaula komwe ankamva pakhomo mawu akuti "ndafika", ndipo bamboyo sankalandira kanthu. Masana ankadzera kushopu kwa mkazi wake, n'kukhala pa mulu wa nsalu, awiriwo n'kumaseka ngati akwatirana dzulo.

Mtima wa bamboyo ndiwo unatipatsa nzeru yoyambitsa gulu la pafoni, loti wosowa thandizo azilemba, odzipereka aziyankha: wina kuperekeza wodwala, wina kukhoma denga, wina kuphunzitsa ana masamu. Koma pa dzina la gululo tinatsala pang'ono kugendana ndi mipando. Aliyense ankafuna la tchalitchi chake kapena la msewu wake. Ine, poti sukulu ndinapitako, ndinagamula kuti dzinalo alisankhe anthu awiri okha, ndipo alumbire kuti sauza munthu, ngakhale wogona naye chipinda chimodzi, kufikira Loweruka lotsegulira gulu. Tinasankha telala, poti ndiye ankasoka malaya a odzipereka, ndi mphunzitsi wina wachinyamata amene ankakonza tsamba lathu la pa intaneti.

Telala sanachedwe n'kuganiza. Anauza mphunzitsi kuti gulu litchedwe Ndafika, ndipo mnyamatayo anavomera ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo mayiyo ankangolota nkhope ya mwamuna wake pa tsikulo, ataona anthu onse atavala dzina lake pachifuwa. Makina anawasamutsira kuchipinda chakumbuyo, ndipo mphunzitsi akabwera kudzaona zilembo, ankatseka chitseko.

Mlamu wake, wa saluni yoyang'anizana ndi shopuyo, anaona chitsekocho. Anauza mchimwene wake kuti iye sanena zambiri, koma sanaonepo dzina losankhidwa chitseko chili chokhoma.

Madzulo ake bamboyo anakankha mbale osadya.

"Mayi a mwana, kuchipinda chakumbuyo mukubisako chiyani?"

"Za gulu, bambo. Ndinalumbira."

"Kwa ine simunalumbire tsiku la ukwati?"

"Dikirani Loweruka, mudzaseka nokha."

"Anthu ayamba kale kuseka. Akuseka ine."

Dzina lija linafika pa nsonga ya lilime la mayiyo, koma analimeza. Anaganiza kuti mphatso yotsegulidwa nthawi isanakwane siikoma, ndipo munthu wa mtima wabwino chotere sangapse mtima mpaka patali. Abale anga, nsanje ili ngati madzi odontha mkati mwa khoma: kunja penti ili mbee, mkati njerwa zafewa. Pulambala wodziwa mipope ya dera lonse sanamve kudontha kwa mumtima mwake.

Lachisanu masana anachoka kuntchito sipanala ili m'manja. Kutsogolo kwa shopu kunalibe munthu, koma kumbuyo kunkamveka kuseka. Anamenya chitseko ndi phazi, ndipo tsiku limenelo sananene kuti "ndafika". Anapeza mphunzitsi atavula shati kuti ayese malaya oyamba, telala atamukulunga tepi yoyezera pachifuwa. Telala anakuwa kuti adikire, koma sipanala inali itatsika kale pamutu pa mnyamatayo. Pogwa, mphunzitsi anakoka nsalu imene inaphimba tebulo, malaya onse n'kumwazikira pansi. Bamboyo anaima akuwerenga dzina lake paliponse pamene wayang'ana. Anagwada, n'kuyamba kutseka bala ndi malaya omwewo, akuitana mnyamatayo kuti mwana wanga. Mphunzitsi anamwalira asanafike kuchipatala.

Kukhoti telala anafotokoza zonse. Mayi a malemu anakhala kutsogolo, ndipo iye analephera kuwayang'ana. Woweruza anati kukayikira si umboni, n'kugamula zaka makumi awiri. Akumutulutsa ndi unyolo, bamboyo anacheuka.

"Mukanangondiuza, mayi a mwana."

"Mukanangodikira tsiku limodzi."

Shopu ija inatsekedwa. Telala amapitabe kundende kukaona mwamuna wake. Mlamu wa saluni amalumbira kuti iye anangonena za chitseko.

Choncho inu a nsanje, musanakweze dzanja muzifunsa kawiri, poti manda sabweza munthu ngakhale mutapepesa. Gulu likuyenda, ndipo ndikuliyendetsa bwino ndine, koma mpaka lero lilibe dzina. Anthu amangoti gulu lija. Ofunsa kuti ine ndinapindulapo chiyani, imvani: mpando wa wapampando, ndi malaya amodzi olembedwa kuti Ndafika, amene ali pansi pa sutikesi ndipo sindinawavalepo.