Chithunzi cha Bambo Sadiki

Mwanaisha anakhala pakhonde atafumbata makina ojambulira a amalume ake, kudikira kuti bambo ake adzuke. Mufilimu munatsala malo a chithunzi chimodzi chokha, ndipo amalumewo ananenetsa kuti n'cha bambo akewo, a Sadiki. Zithunzi zonse za banjalo zinapsa pankhondo. Halima, mkulu wake wa Mwanaisha amene anatsalira ku Malawi pamene ena ankabwerera kwawo ku Mandimba nkhondo itatha, anatumiza mawu kuti akufuna kuona nkhope ya bambo ali pakhomo pa nyumba yatsopano.

A Sadiki ankangokana. Chifuwa chinali chitawamaliza, ndipo ankati sangajambulidwe mafupa ali pamtunda. Tsiku limenelo anavomera, bola ayambe agonako pang'ono.

Masana kuwala kunayamba kufooka. Kunazizira, nkhuku n'kumalowera kukhola. Ana anazungulira beseni la madzi kuonera dzuwa likudyeka. Unali kadamsana. Luciya, mnzake wa kusukulu, anamukoka mkono Mwanaisha.

"Jambula, iwe. Bambo ako ngomweja, uwaonanso mawa. Koma izi udzazionanso liti?"

Mwanaisha anayang'ana chitseko, chinali chotseka. Analozetsa makina kumwamba n'kudina.

Kunja kutayeranso, a Sadiki anatuluka atavala mkanjo woyera ndi kofia, akugwirira khoma. Anaima pakhomo n'kudziwongola.

"Fulumira mwanangu, miyendoyi siichedwa kundikana."

Mwanaisha anakweza makina, nadina batani lomwe silinkatsikanso. Bambo ake anafunsa ngati aoneka bwino, iye anangogwedeza mutu. A Sadiki anabwerera kukagona akumwetulira.

Usiku ndi usana Mwanaisha ankafuna kuulula, koma filimu ina ikanachokera kuti? Amalume anatenga ija kukatsukitsa ku tawuni ya Cuamba, ndipo asanabwere, a Sadiki anamwalira. Anaikidwa tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wa Chisilamu.

Halima anafika patapita sabata, miyendo itatupa ndi ulendo. Atalira ndi amayi m'nyumba, anamupeza Mwanaisha kuseri.

"Amayi akuti unawajambula atavala mkanjo. Ndipatse ndiwaone."

Mwanaisha anatulutsa chithunzi chimene amalume anamupatsa. Chinali chakuda, pakati pali kadontho koyera. Halima anachiyandikizitsa kumaso, anachitembenuza, kenako anapita nacho padzuwa.

"Nanga ali pati?" anafunsa.