Timichira ta Waya

Galimoto itaima pakhomo pa shopu yokonzera mawailesi ku Limbe, Aminatu anaganiza kuti ndi Mikaili, chibwenzi chake. Anakonza mpango wake msangamsanga. Koma munatuluka anyamata atatu a chipani ovala malaya ofiira. Pambuyo pawo panali a January, tcheyamani wa chipanicho ku Soche, atanyamula kabokosi kakuda.

Aminatu anakazindikira. Kanali kolandirira mawu a maikolofoni yopanda chingwe, yomwe a tcheyamani ankainyadira kwambiri. Kanali katabwera kudzakonzedwa sabata yatha.

“Che Kalimu!” a January anaitana amalume ake a Aminatu, eni shopuyo. “Ndani anagwira chinthu ichi?”

“Takulandirani, bwana. Chavuta kodi?”

“Mukufunsa? Dzulo pa msonkhano, bwalo litadzaza, ine ndangoyamba kutamanda boma, mawu anga anasanduka a chule! Kenako zii. Amayi akumbuyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Anaseka, Che Kalimu, pamaso pa akuluakulu!” Anatsitsa mawu. “Akuluakuluwo akufuna adziwe amene anakutumani.”

M’shopu monse munazizira. Chinali chaka cha 1989, ndipo munthu akatengedwa pa nkhani yotere, abale ake sankayerekeza n’komwe kufunsa kumene wapita. Wokonza mawotchi wa khomo loyandikana anatseka zenera lake mwakachetechete.

“Ndinakonza ndine,” anatero a Kalimu, maso ali pansi.

Koma Aminatu ankadziwa zoona zake. Amene anakonza sanali amalume ayi.

M’kabokosimo munali bolodi lobiriwira la tinjira ta mkuwa, pamwamba ndi pansi pomwe. Mawu ankawoloka kuchoka mbali ina kupita ku inzake kudzera m’timabowo tating’ono ngati diso la singano, ndipo timabowo tisanu ndi tiwiri tinali titadyeka. Lachisanu masana, a Kalimu ponyamuka kupita ku mzikiti, anasiyira Aminatu ntchitoyo.

“Lowetsa kawaya m’bowo, uwotcherere uku ndi uku, kenako udule mchira wonse, pasatsale chokola chala,” anamuuza. “Mafunde a m’menemu ndi aliwiro. Akapeza mchira wotsala amalowera komweko, n’kubwerera, n’kuyamba kugundana ndi anzawo. Njira yawo ikhale yaifupi. Wamva?”

Anamva, koma mtima unali kwina. Chimalizireni Fomu 4, masiku ankamuyendera pang’onopang’ono ngati nkhono, ndipo tsikulo Mikaili, dalaivala wa maso aulesi uja, anali atalonjeza kukamuyendetsa pansi pa mitengo ya ku Mandala. Akuti anali ndi mawu. Aminatu anawotcherera timabowo tisanu ndi kamodzi, timichira n’kutisiya tili njo. Kabowo komaliza kanali kotsekeka, choncho anangozungulitsa waya wautali m’mphepete mwa bolodi. Anayesa maikolofoni ali pafupi pomwepo, inalankhula. Anatseka kabokosi, n’kuthamanga.

Tsopano anyamata awiri anagwira a Kalimu m’mikono. Kofia yawo inagwa pansi, wina n’kuiponda.

“Tiyeni madala, mukafotokozera kutsogolo.”

A Kalimu anatembenuka pakhomo. “Aminatu, ukatseke bwino. Ukawauze azakhali ako kuti ndachoka pang’ono.”

Anamuyang’ana mwa njira yakuti Aminatu anadziwa: amalume akudziwa zonse.

“Asiyeni!” Mawu a Aminatu anatuluka okha, opyapyala ngati a mwana. “Ndinali ine. Palibe anatituma. Ndinafulumira basi.”

“Khala chete, mwana iwe!” anakalipa a Kalimu.

“Kamtsikana aka?” anaseka mmodzi wa anyamatawo. “Kakudziwa chiyani za mawaya? Kakuteteza mkuluyu.”

“Nditsegule muone, bwana. Chonde.”

A January anamuyang’ana nthawi yaitali. Kenako anakankhira kabokosiko kwa iye. “Konza pompano, ife tikuona. Kakalankhula bwino, ndikauza akuluakulu kuti kunali kupusa kwa mwana. Kakalira chule, mukwera nonse awiri.”

Aminatu anamasula zomangira. Imodzi inagwa, n’kugubuduka mpaka pansi pa nsapato ya a tcheyamani. Bolodi litaonekera, timichira tija tinali pomwepo, tikunyezimira mopanda manyazi.

Anatenga kodulira waya. Thwa. Kamchira koyamba kanagwa. Thwa. Anapitiriza mpaka kachisanu ndi chimodzi, akusisita paliponse ndi chala monga anauzidwira. Kenako anachotsa waya wautali uja. Kabowo kotsekeka kanamuyang’ana.

Panja panalira hutala, kawiri mofupika, kamodzi motalika. Mikaili. Masiku onse kulira kumeneko kunkamuimitsa ngakhale ali pakati pa kudya. Lero sanadzutse mutu.

Anatenthetsa chowotcherera, natenga singano ya m’mpango wake, n’kuyamba kutokosa kabowoko pang’onopang’ono. Thukuta linadontha pachibwano. Akanakankha mwamphamvu, kanjira ka mkuwa kakanamatuka, ndipo zonse zikanathera pomwepo. Utsi wa mtovu unamulowa m’maso, koma sanaphethire. Mwadzidzidzi kuwala kunaoneka mbali inayo. Analowetsa kawaya, nawotcherera uku ndi uku, n’kudula mpaka kusalala.

“Ndatha,” ananong’ona. “Koma musayesere pafupi, bwana. Pafupi kamanama. Mupite kutali.”

A January anatenga maikolofoni, nawoloka msewu, n’kukaima kuseri kwa minibasi. M’shopu, chimkuzamawu chinangoti fuuu. Aminatu anatseka maso. Ankamva kupuma kwa amalume ake, ndi zala za mnyamata uja zikugogoda patebulo.

“Wani, thuu. Wani, thuu. Mukundimva?”

Mawuwo anamveka oyera ngati munthuyo waima pakhomo. Anapitanso patsogolo mpaka pa ogulitsa nthochi, nayesanso. Chule sanalire.

Atabwerera, a January sanamwetulire. Ananyamula kabokosi kawo, n’kuloza Aminatu ndi chala. “Dzina lako ndalisunga, mtsikana iwe.” Galimoto inalira, n’kupita.

A Kalimu anatola kofia yawo, naisasa fumbi. Anayesa kuivala, koma analephera kawiri konse.

“Amalume, pepani,” anatero, misozi ili mbwembwembwe.

“Kabowo komaliza kaja wakagwira bwino,” anangoyankha choncho, nakhala pansi.

Hutala inaliranso panja, kawiri mofupika, kamodzi motalika. Aminatu anasonkhanitsa timichira tija patebulo, natiika m’bokosi la machesi, n’kuliika pomwe maso ake azilionera tsiku lililonse. Kenako anakoka wailesi yotsatira, n’kuyamba kumasula.

“Akukudikiratu uyo,” anatero a Kalimu.

“Adikire,” anatero Aminatu. “Sindinamalize.”