Mapazi m'Buku la Azamba

Nkhani iyi si yopeka. Mng'ono wa malemu Azamba, yemwe anaona zonse ndi maso ake, akadali moyo, ndipo si munthu wokonda kukometsera nkhani.

Akulu ake anagwira ntchito ya uzamba zaka makumi atatu ndi zisanu, moti ngakhale atapuma aliyense ankangowaitana kuti Azamba. Analibe mwana. Amuna awo atamwalira, mng'ono wawoyu anabwera kudzakhala nawo m'kanyumba ka zipinda ziwiri.

Tsiku lina akukonza m'kabati, Azamba anapeza buku lawo lakale lophunzirira uzamba, chikuto chitadyedwa ndi njenjete, masamba atachita chikasu. Mng'ono wawo anati alitaye, koma iwo anakana. Anagula utoto, guluu ndi kaburashi, n'kutulutsa thumba la tizigamba. Tsamba ankalipaka utoto lonse, kusiya mawu awiri kapena atatu okha akuoneka, kenako n'kusokererapo kansalu, kabatani kapena kaulusi ka juzi.

"Koma achemwali ukalamba wakufikani," mng'onoyo anaseka. "Mwabwerera kusukulu ya mkaka?"

"Ndisiye iwe. Awa ndi ana anga amene sanalire aja."

Kuseka kunathera pomwepo. Makanda amene anafera m'manja mwa Azamba anali khumi ndi anayi, ndipo aliyense ankamukumbukira. Mwana wa mtsikana amene anafika mochedwa atanyowa ndi mvula anamupatsa tsamba lotuwa. Amapasa anawasokera mabatani awiri oyera, ogundana.

Atamaliza la khumi ndi chinayi, anapaka tsamba lotsatira utoto wabuluu, n'kungokhala akuliyang'ana. Mng'onoyo anadziwa. Ali mtsikana, Azamba anabereka mwana wamwamuna yemwe sanalire, ndipo anamwino anamuchotsa mayi ake asanamuone n'komwe. Zaka makumi anayi zinali zitadutsa osamutchula.

"Ndilibe chake chilichonse choti ndimatepo," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale kansanza."

Analisiya bukulo lotsegula patebulo kuti liume, n'kupita awiriwo kuseri kukayanika zovala. Anali masana, dzuwa lili paliwombo. Pobwerera, mng'onoyo anaima pakhomo. M'nyumba munkamveka fungo la khanda longosambitsidwa kumene, sopo ndi mkaka. Pa utoto wosauma uja panali kaphazi. Tizala tisanu. Kutalika kwake ngati chala chachikulu.

"Mwalowa mwana wa ndani muno?" ananong'ona.

"Palibe walowa."

"Tiliwotche, achemwali."

"Usaligwire."

Mawa lake Azamba anapaka tsamba lina, n'kukakhala panja manja ali pamiyendo. Mng'onoyo anakhala nawo. Kunalibe mphepo. Ntchentche yokha inkalira pazenera. Kenako m'nyumba munamveka pepala likukhwinyata pang'ono, ngati lapondedwa.

Phazi la tsiku limenelo linali lokulirapo.

Zinapitirira choncho masana aliwonse. Panabwera phazi lopotoka la mwana wongophunzira kuyenda. Kenako la wothamanga, zala zokha n'zimene zinadinda. Tsiku lina pachidendene panali mzere wong'ambika, ndipo Azamba analira ngati maliro achitika lero.

"Waponda botolo mwana wanga, ine kulibe."

Anadula kabandeji n'kusokera pachidendenepo, misozi ikugwera pa utoto.

Chakudya anayamba kungochilawa. Ankayankhula ndi bukulo, kulifunsa ngati ladya, kulidzudzula poyenda osavala nsapato. Nthawi zina ankaseka kuseka kumene mng'ono wawo anali asanakumvepo chichokereni ku utsikana, ndipo n'chifukwa chake sanauze munthu aliyense. Koma akapeza mpata ankapanikiza ndi chala masamba otsala kuti aone kukhuthala kwake. Ankaphwa tsiku ndi tsiku.

Phazi linakula mpaka kudzaza tsamba, chidendene m'munsi, zala m'mphepete. Linali la munthu wamwamuna wamkulu.

Tsiku limene kunatsala masamba awiri omaliza, Azamba anasamba m'mawa, n'kuvala bulauzi yoyera. Anapaka masamba onse awiri utoto wabuluu wambiri.

"Pita ukandigulire utoto wina."

"Wa chiyani? Masamba atha."

"Pita, mng'ono wanga. Usathamange."

Anapita. Mpaka lero amati pa zonse zimene anachita pamoyo wake, chimenecho n'chimene chimamuwawa.

Atabwerera anapeza chitseko chokiyidwa cha m'kati. Anagogoda. Zii. Anaitana. Zii. Pansi pa chitseko pankatuluka fungo, koma silinali la khanda. Linali la thukuta la munthu amene wayenda ulendo wautali.

Anathamangira kwa kalipentala woyandikana nawo nyumba, ndipo iye anathyola loko.

Azamba anali pampando, mutu utapendekera mbali imodzi, maso otseka. Anali atayamba kale kuzizira. Nkhope yawo inali yofewa ngati ya munthu amene wagona atakhuta. Patebulo, masamba awiri aja analibe phazi. Utoto unali utapalidwa, ngati wina watsamirapo ndi zikhatho podzuka.

Powanyamula kuti awagoneke pabedi, kalipentalayo anabwerera m'mbuyo.

"Mayi," anatero, "taonani kumsanaku."

Pa bulauzi yoyera ija panali manja awiri abuluu, akuluakulu, zala zotambasuka, limodzi pansi pa phewa, lina pakati pa msana, mmene munthu amagwirira mnzake pomukumbatira. Utoto wake unali usanaume.

Mng'onoyo anatembenuza zikhatho za akulu ake, chimodzi kenako china. Zinali zoyera mbee.