Pulogalamu Yomwe Josiah Sanalembe

Kunyumba kwa a Eliya Namakhwa, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ntchito zonse zinkatha Lachisanu dzuwa lisanalowe, pokonzekera Sabata. A Eliya anali kapitawo wa othyola tiyi, ndipo akazi awo, a Keziya, anali namwino pakiliniki ya paesitetipo. Mwana anali mmodzi yekha, Josiah, mnyamata wamutu wabwino koma wosafuna kukhetsa thukuta.

Mu 2004 mayina a osankhidwira kuyunivesite atatuluka, la Josiah panalibe. Bambo ake anamupezera malo pa kasukulu kena ku Limbe, kophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta kwa miyezi isanu ndi inayi.

"Anzako a digiri ali ndi zaka zinayi, iwe uli ndi miyezi yochepa," anatero a Eliya pomukweza minibasi. "Usakajombe ngakhale tsiku limodzi. Chimene sukumvetsa ukafunse."

Mwezi woyamba anachitadi zimenezo. Kenako anapalana ubwenzi ndi Hector, mnzake wa m'kalasi yemwe ankadziwa ngodya zonse za m'tauni.

"Aise, ukudzipheranji?" anatero Hector. "Pulogalamu salemba, amangokopera. Mabwana amafuna satifiketi basi. Ndani adzakufunse kuti unakhala m'kalasi masiku angati?"

Josiah anayamba kuthawa makalasi. Ankaswera kumagemu ndi kumavidiyo, ndipo nthawi yopereka pulogalamu ya mayeso omaliza itakwana, analibe ngakhale mzere umodzi.

M'kalasimo munali Patience, mtsikana wofatsa wa ku Khonjeni, amene anakhala miyezi itatu akulemba pulogalamu yosungira mayina ndi mbiri ya odwala. Josiah anabwereka disiketi imene ankasungamo pulogalamuyo ponamizira kuti akufuna kungoonerako. Anakopera zonse, nasintha dzina pamwamba, nakapereka mwini wake asanapereke.

Aphunzitsi anawaitana onse awiri. "Mmodzi mwa inu waba ntchito ya mnzake."

Josiah analumbira kuti ndi yake, Hector nkuchitira umboni. Patience anachotsedwa sukulu wopanda satifiketi. Potuluka pageti anaima, misozi ili mbwee.

"Josiah, iwe ukudziwa chimene wachita. Komanso pulogalamuyo ili ndi malo amene sindinamalize."

Iye anayang'ana kumbali. Sanafunse kuti malo ake ndi ati.

Ku Thyolo anamulandira ndi nyimbo. Kiliniki inali itangolandira kumene kompyuta, ndipo a Keziya anakapempha a manijala a esitetiyo kuti mwana wawo aikemo pulogalamu yake.

"Unalemba wekha, mwanangu?" anamufunsa tsiku loyamba.

"Ndekha, amayi."

"Ngati pali pamene ukukayikira, nena lero. Awa si mayina chabe, ndi anthu odwala."

"Palibe vuto, amayi."

Atalowetsa mbiri zonse m'kompyuta, makadi akale a odwala anawamanga m'makatoni nkuwatsekera m'sitolo. Josiah ankayenda ndi tayi, anthu akumutchula kuti a injiniya. Chimene sankadziwa nchakuti pulogalamuyo inkasiyanitsa anthu ndi dzina lokha. Akalembetsa munthu wa dzina lofanana ndi la wina, mbiri ya woyambayo inkafufutika.

Paesitetipo panali mayi wina wothyola tiyi, Teleza Makwinja, amene thupi lake linkadana ndi penisilini. Pakhadi lake lakale analembapo zimenezi ndi inki yofiira. Mu Januwale kunabwera Teleza Makwinja wina kudzalembetsa sikelo, ndipo chenjezo lija linasowa m'kompyuta.

Patapita milungu itatu, anthu anabwera ndi Teleza woyamba uja pamachira, chibayo chitamugwira moti sankatha kuyankhula. A Keziya anayang'ana pakompyuta, sanapezepo chenjezo lililonse, ndipo anamubaya jakisoni wa penisilini. Posakhalitsa mayiyo anayamba kutupa ndi kubanika. Anamwalira m'galimoto, asanafike kuchipatala chachikulu. Anasiya ana atatu.

Akuluakulu a esiteti anaitana katswiri wa makompyuta wochokera ku Blantyre, a Douglas, kuti adzafufuze. Anatsegula pulogalamuyo pamaso pa a manijala, a Keziya ndi Josiah.

"Achimwene, tandifotokozereni. Mzere uwu ukuchita chiyani?"

Josiah anayang'ana mzerewo. Sanadziwe.

"Nanga uwu?"

Uwonso sanaudziwe.

A Douglas anatsikira m'munsi, naima pa mawu ena amene wolemba anadzilembera pakati pa mizere kuti adzakumbukire. Anawawerenga mokweza: "Apa ndidzaikepo nambala ya wodwala aliyense, chifukwa mayina amafanana. Isagwiritsidwe ntchito ndisanakonze. Patience."

Anatembenuka. "Patience ndi ndani?"

A Keziya anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinakufunsa, Josiah. Dzanja limene linabaya mayi uja ndi langa."

Josiah anagwada pansi naulula zonse, kuyambira tsiku limene anayamba kujomba. Ntchito inamuthera pomwepo. Ofufuza anati a Keziya analibe mlandu, koma iwo sanathenso kugwira jakisoni. Mwezi usanathe anatula pansi ntchito imene anaigwira zaka makumi awiri.

A Eliya anayankhula kamodzi kokha. "Ukanabwera utalephera, ndikanakulandira ndi manja awiri. Tikanayesanso."

Sabata lotsatira Josiah anaimirira m'tchalitchi nalapa pamaso pa mpingo. Analembera kalata sukulu ija kuti Patience anali wosalakwa, nabweza satifiketi. Analemberanso Patience, koma yankho silinabwere. Anayamba kuthyola tiyi, ndipo m'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo pa malemu Teleza, akuona ana atatu aja atakhala pakhonde, wamng'onoyo akufunsabe kuti amayi abwera liti.

Wachinyamata iwe amene uli pasukulu, imva izi. Kaya maphunziro ako ndi a miyezi kaya a zaka, pepala ukhoza kulipeza mwachinyengo, koma nzeru sungazibe. Ulesi umabala kuba, kuba nkubala bodza, ndipo tsiku lina munthu wosalakwa adzaika moyo wake pa ntchito imene iwe sukuidziwa. Mulungu amakhululukira wolapa, monga anamukhululukira Josiah, koma kulapa kwakeko sikunawabwezere ana aja mayi wawo.