Foni ya Mayi Wamasiye

Kwathu kunali mtendere. Bambo ankakonza mafoni m'kashopu ka kutsogolo kwa nyumba, amayi ankatidzutsa ndi pemphero. Wotivundulira madzi anali mlongo wanga wamng'ono, yemwe bambo ankamuphunzitsa ntchito.

Iye mtima unali pa gemu ya pafoni. M'gemumo umakhala ndi kamunthu kako, ukamapambana nkhondo kamakwera, kenako umakasankhira njira: kakhale msilikali, sing'anga kapena mbala.

"Sankha mbala, aise, imakwera msanga," anamuuza mnzake Chigaza. "Using'anga ndi wa nkhalamba."

Anasankhadi mbala. Koma gawo lotsatira linkafuna foni yamphamvu, ndipo yake inali mbola.

"Nanga mafoni ali mbwee m'shopu mwa madala akowo ndi a chiyani?" anatero Chigaza.

Sabata yomweyo kunabwera mayi wina wamasiye ndi foni yosweka galasi. "Chonde bambo, muisamale. Muli mawu a malemu amuna anga, amene ankanditumizira ali kuchipatala. Kwina kulikonse kulibe."

Bambo atasintha galasilo anamuyang'ana mlongo wanga. "Iwe, iyi usaikhudze. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Kumva kwake kuti! Bambo atangopita kukagula zipangizo, anaitenga. Gemu inakana kulowa, ati malo achepa. Chitsiru chija chinafufuta zonse, zithunzi ndi mawu omwe. Kamunthu kake kanasanduka mkulu wa mbala, iye n'kumavina yekha m'shopu.

M'mawa mwake mayi aja anayatsa foni yawo pakauntala, n'kupezamo gemu yokhayokha.

"Amuna anga ali kuti?"

Bambo anayesa njira zonse, thukuta lili kamukamu. Sichinabwerere chilichonse.

"Komatu ndi mawu chabe, si munthu," mlongo wanga anang'ung'udza.

Mayi aja analira maliro enieni pakhomo pathu. "Mwandiphera kachiwiri, afiti inu!" Msewu wonse unamva, ndipo pofika madzulo aliyense anali atadzatenga foni yake, yokonzedwa ndi yosakonzedwa yomwe. Chigaza anakana kuti mlongo wangayo sakumudziwa.

"Tuluka," bambo anamuuza mlongo wanga. "M'shopu muno usadzapondemonso."

Ine mpaka pano ndikamuona mtima umandiwira. Achinyamata inu, kukwera m'masewera kusakuchititseni kugwira cha mwini. Pali zinthu zina zimene mukaziwononga, ngakhale mutalapa misozi ili chuchuchu, sizibwerera. Bambo anapita kukagwada pakhomo pa mayi aja, koma sanawatsegulire.