Mlendo Wopanda Nthunzi Pakamwa

Linali Lachinayi la mu Januwale, mwezi wozizira koopsa m'dziko limenelo, ndipo mdima unali utagwa kale ngakhale kuti nthawi inali isanakwane sikisi koloko. Orysia Kuziak ndi mwamuna wake Wendell ankabwerera kwawo kufamu kuchokera kutauni ya Wynyard. Orysia ndiye ankayendetsa, popeza maso a Wendell anali atayamba kufooka.

Mwadzidzidzi mphepo inanyamula chipale chofewa cha m'minda n'kuchimwaza ponseponse. Msewu unasowa. Orysia anachepetsa liwiro, komabe galimoto inatsetsereka n'kukakhazikika m'ngalande. Foni sinkagwira, ndipo sankadziwa kuti afika pati.

"Zaka makumi anayi ndikuyendetsa ine, m'ngalande sindinalowemo," anatero Wendell.

"Nanga ya kutchalitchi ija munalowamo masanasana? Ndipatseni kandulo."

Anachita zimene aliyense wa kumeneko amaphunzira akadali mwana. Anafukula chipale kumbuyo kuti paipi ya utsi isatsekeke, anayatsa kandulo m'chitini, anafunda mabulangete, ndipo injini ankailiza mphindi khumi zokha pa ola. Lamulo lalikulu ankalidziwa onse awiri: munthu sasiya galimoto kuti akafune thandizo wapansi.

Atazimitsa injini kachitatu, pagalasi la Orysia panamveka kugogoda. Anatsitsa galasilo pang'ono. Panja panaima mwamuna wamtali, wopanda chipewa.

"Pepani ndi ngozi, mayi," anatero modekha. "Nyumba ndi iyo, pamene pakuwala nyalipo. Mbaula ikuyaka. Tiyeni."

Nyaliyo inkaonekadi, yachikasu, chapafupi ndithu. Wendell anayamba kuponya bulangete kumbali.

Koma Orysia anayang'anitsitsa pakamwa pa mlendoyo. Mpweya wake iye ndi wa Wendell unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Pakamwa pa munthuyo sipankatuluka kanthu. Chipale chinali chitadzaza m'nsidze ndi m'makutu mwake, osasungunuka.

Anakweza galasi, n'kukhoma zitseko zonse.

"Kodi mutu ukuyenda bwino?" anafunsa Wendell. "Mapazi angawa sindikuwamvanso, ndiye ndifere muno nyumba ndikuiona?"

"Simutuluka, bambo."

Kugogoda kuja kunasamukira kumbali ya Wendell. Mawu anamveka bwinobwino, ngati kunja kulibe mphepo.

"Wendell. Msiye mkaziyo. Tiye."

Wendell anagwira chotsegulira. Orysia anakulunga lamba wa mwamuna wake kudzanja lake, ndipo sanamutaye. Anamuvula nsapato, n'kulowetsa mapazi ozizirawo m'jasi lake, pamimba. Injini ikalira, kunja kunkakhala zii. Ikazima, kugogoda kunkayambiranso, osafulumira, osakwiya. Wendell ankalira mwakachetechete.

Kutacha, mphepo italeka, anawapeza ndi Lorne, woyendetsa galimoto yokankha chipale. Orysia anamulozera kumene kunali nyali kuja, n'kufunsa kuti nyumbayo ndi ya yani.

Lorne anayang'ana kumeneko, n'kupukusa mutu.

"Kulibe nyumba uko, mayi. Ndi dziwe. Pansi pake pali kasupe, ndiye madzi ake saundana mokwanira kunyamula munthu woyenda pamwamba."

Wendell anadulidwa zala ziwiri za kuphazi zimene zinafa ndi kuzizira, ndipo za usiku umenewo salankhula. Koma amayi a kutchalitchi amanong'onezana kuti kalekale, Orysia asanabwere m'deralo, mkulu wake wa Wendell anasiya galimoto pamalo omwewo m'chimphepo chonga chimenechi, ndipo mtembo wake anauvuula m'dziwelo chipale chitasungunuka.

Orysia anamufunsapo mwamuna wake kamodzi kokha ngati mawu aja anawazindikira.

"Ukanandisiya, ndikanapita," anayankha motero, maso ali pansi.