Nkhope ya aNachisale

Akuti Chidzutsa chimamva fungo la munthu. Akuti ukachipatsa chithunzi chojambula pamanja, chimanunkhiza inkiyo n'kudziwa amene wojambulayo ankamuganizira. Za fungozo ine ndimakayika, poti makina alibe mphuno. Koma zimene zinawachitikira aNachisale pa Mitundu pano zimandiletsa kutsutsiratu.

Chidzutsa ndi makina a kampani ina ya mafilimu ku Lilongwe. Kale filimu inkafuna azisudzo, makamera, magalimoto ndi chakudya cha gulu lonselo. Masiku ano umangotenga buku la makatuni, aja a zithunzi za m'timabokosi, n'kuwapatsa makinawo m'mawa. Pofika masana anthu a m'bukumo akuyenda, akutuluka thukuta, akukangana ngati ine ndi inu. Pofuna kudziwa mmene khungu limakhalira pankhope, Chidzutsa chimafufuza m'zithunzi ndi mavidiyo amene takhala tikuponya pa intaneti, a paukwati, a pamaliro, a kutchalitchi. Kenaka chimasakaniza nkhope zambirimbiri kuti patuluke munthu amene kunja kuno kulibe. Anatiuza choncho. Chimene sanatiuze n'chakuti chojambula chikafanana kwambiri ndi munthu mmodzi, makinawo sasakanizanso ayi. Amangomutenga wathunthu, ndi mawu ake omwe.

Tsono pa Mitundu tinali ndi Ledison Katsabola, mnyamata wa ku Kasungu amene anadzakwatira Mwatitha, mwana wa aNachisale, n'kumanga nyumba pakhomo pa apongozi akewo. Mkamwini waulemu ngati ameneyo sindinamuone. Akaona apongozi akubwera m'njira ankapatukira m'chimanga, ngakhale kuli mame. Ntchito yake inali yolemba timabuku ta makatuni, ndipo kotchuka kanali ka Chimezamawu, nkhalamba yoipa imene inkaba mawu a ana n'kuwatsekera m'botolo, anawo n'kusanduka osalankhula. Papepala nkhalambayo inali timizere chabe, palibe anaganizapo kanthu.

Kampani ija itagula kabukuko, filimu inaonetsedwa Loweruka masana pakhoma la golosale yaikulu pamsika, poti makoma a magolosale masiku ano ndi makanema. Tonse tinasiya malonda. Ngakhale aNachisale anabwera, beseni lawo la zitumbuwa lili pamutu, kudzaonera ntchito ya akamwini.

Chimezamawu atangotembenuka pakhomapo, msika wonse unati zii.

"Koma anthuni, ameneyu si aNachisale?" anatero mayi wina wogulitsa tomato.

"Iwe, tseka pakamwa!"

"Ndi iwowo! Taonani kamangidwe ka duku!"

Nkhalamba ya pakhomayo inawerama n'kuitana mwana: "Tabwera kuno mwanawe, usaope." Mawu akewo anali enieni amene aNachisale ankaitanira ana asukulu kuti adzagule zitumbuwa.

Tinaseka, sindikana. Tinaseka mpaka kugwirana. ANachisale anangotembenuka ndi beseni lawo n'kumapita.

Kuseka kunatha msanga. Ana anayamba kuwathawa. Zitumbuwa zinkabwerera kunyumba zili zodzaza beseni. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala ya iwo okha. Ena ankanong'onezana kuti makina sanama, ngati anasankha nkhope imeneyo ndiye kuti anaonapo kanthu.

Ledison anathamangira ku kampani kuja. Amene anamulandira anali mtsikana wina wa muofesi, waulemu ndithu.

"Chonde chotsani nkhopeyo, ndi apongozi anga," anapempha Ledison.

"Pepani bambo, ifetu tinasintha kale m'makina athu. Koma filimuyo ili m'mafoni a anthu dziko lonse. Foni iliyonse ili ndi kachidzutsa kakang'ono, ndipo kamapitiriza kokha nkhaniyo molingana ndi zimene mwini foniyo amakonda."

"Ndiye auzeni asiye!"

"Tiuze ndani, bambo? Anthu akumukonda gogo ameneyu. Ku Mzuzu akuti tsopano amauluka."

Anabwerera chimanjamanja, n'kupeza ankhoswe akumudikira pansi pa mtengo wa mango. Amene anatsogolera nkhani anali bambo Chagunda, mlongo wawo wa aNachisale, mwini mbumba.

"Akamwini," anayamba choncho, "funso langa ndi limodzi. Apongozi anu mumawapatukira, tonse timakuyamikani. Nanga mphini ili pansi pa diso ija munaiona liti? Kugwedera kwa mlomo akakwiya, munakuona liti? Munkawasuzumira pati?"

Mayi wina kumbuyo anati, "Mwinatu kubafa," anthu n'kuti haa! Mphekesera imeneyo inafika ku Nathenje dzuwa lisanalowe, ndipo inafika itanenepa.

Ledison anayang'ana pansi. "Ndalakwa, amalume."

"Sitikufunsa ngati mwalakwa. Tikufunsa kuti munkaima pati?"

"Ndalakwa, amalume."

Mkamwini alibe dothi pamudzi pa eni. Anamuuza kuti anyamule chikwama abwerere kwawo ku Kasungu, nyumba anamanga yekha ija aisiye, ana awasiye. Mwatitha anangokhala pakhonde, chitenje chili kukamwa, osalira, osalankhula. Ife tinati mkazi wouma mtima.

Tinkaganiza kuti akachoka zitha. Filimu sinadziwe n'komwe kuti wachoka. M'mafoni Chimezamawu ankangoipiraipira, tsiku lililonse choipa chatsopano, nkhope ili yomweyo. Kenaka mwana wa pakhomo loyandikana anadwala chifuwa, mawu n'kusasa. Adokotala ananena momveka kuti ndi chifuwa chabe, koma ndani anamva? Miyala inagwa padenga la aNachisale dzuwa likuswa mtengo. Ena ankakuwa kuti atulutse botolo. Apolisi anabwera, anabalalitsa anthu, n'kupita. Akanamanga ndani, poti oponya miyalawo ena anali ana a m'bale wawo wa aNachisale?

Kuyambira pamenepo aNachisale sanatulukenso. Mawindo anakhomedwa malata. Wolowa m'nyumbamo anali Mwatitha yekha, kudzawaphikira ndi kuwatungira madzi.

Zotsalazi ndikunena poti aNachisale anatisiya chaka chatha. Ndinamva kwa mayi wa tomato uja, amene ankaanika zovala kuseri kwa nyumbayo tsiku lina, ndipo khoma la pamenepo ndi lopyapyala.

Akuti Mwatitha ankawapesa tsitsi amayi ake. Mwadzidzidzi anasiya chipeso n'kugwada.

"Amayi, amuna anga, bambo a Tionge, sadziwa kujambula nkhope. Amajambula nyumba, njinga, mitengo. Nkhope zonse za m'mabuku aja ndinkajambula ndine. Chimezamawu ndinamujambula ndine, tsiku lija munandikumbutsa kuti munachita bwino kunditenthera makope anga a zithunzi ndili mtsikana. Ndinakwiya, amayi. Ndinkati zithera papepala."

Kenaka aNachisale anati, "Pitiriza kupesa."

"Amayi, mwamva zimene ndanena?"

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija pamsika. Mwamuna wako uja atakumana nane ku Lilongwe akhoza kundifunsa njira. Sanandiyang'anepo kumaso chikwatirire."

"Nanga munalekeranji kumupulumutsa? Ndikupita kwa amalume, ndikanene zonse, abwere kwa ana ake."

"Khala pansi, mwana iwe. Panopa akuti mkamwini wamwano wanyoza apongozi ake, ndiye ena akukayikabe. Akamva kuti mwana wanga wobala ndekha ndiye anandijambula mfiti, adzakayikanso ndani? Sadzabwera ndi miyala, adzabwera ndi petulo. Mwamuna wako anazindikira zimenezo, n'chifukwa chake anangoti ndalakwa."

Akuti Mwatitha analira mpaka mawu kutha, amayi ake akumusisita mutu ngati khanda.

Choncho amene anaulula ndi Mwatitha, ndipo anaululira munthu mmodzi yekhayo amene ankadziwa kale. Kwa amalume sanapite mpaka maliro atachitika, ndipo pofika nthawiyo Ledison anali atazolowera ku Kasungu. Chimezamawu adakayendabe m'mafoni ndi nkhope ija, sakalamba, sadwala. Adzukulu a aNachisale akafuna kumva mawu a agogo awo, amatsegula filimu yomweyo, n'kumamvera akuitana mwana kuti asaope.